Bala Likapola, Mkono Utsala ndi Yani?

Pa ulendo wonse wa chithandizo cha khansa ya m'mawere pali tsiku limodzi lomwe aliyense amalidikira ndi mtima wonse, tsiku lomwe dokotala amayang'ana bala, kuchotsa ulusi, n'kunena kuti lapola bwino. Achibale mitima imakhala pansi, a kumpingo amabwera kudzathokoza Mulungu, ndipo mayiyo amabwerera kwawo ndi kabuku kake ka kuchipatala momwe mwalembedwa tsiku lodzaonekeranso. Chimwemwechi n'choyenera, pakuti kupulumuka ku khansa si chinthu chamasewera. Chondidetsa nkhawa n'chakuti tsikuli timaliwerenga ngati mathero a nkhani, pamene kwa amayi ambiri ndi pomwe pamayambira vuto lina lokhalitsa, kutupa kwa mkono wa mbali yomwe adachitidwa opaleshoni, komwe madokotala amakutchula lymphedema. Mu 2013 magazini ya zachipatala ya The Lancet Oncology idasindikiza kafukufuku yemwe adaunika pamodzi zofufuza 72 za m'maiko osiyanasiyana, ndipo adapeza kuti mwa amayi asanu alionse opulumuka ku khansa ya m'mawere, mmodzi amadzatupa mkono. Vuto logwira anthu ochuluka chotere sitingalitche ngozi yogwa mwadzidzidzi. Ndi chotsatira chodziwika cha chithandizo chomwe timapereka tokha, ndipo amene wapereka chithandizo ali ndi udindo pa zotsatira zake. Mfundo yomwe ndikufuna kuitsimikiza ndi iyi: kusamalira mkono ndi gawo la kuchiza khansa, kuyenera kuyamba mpeni usanakhudze khungu, ndipo zambiri zofunika pa ntchitoyi tili nazo kale m'manja.

M'thupi mwa munthu, kupatula mitsempha ya magazi, muli timitsempha tina ting'onoting'ono tomwe ntchito yake ndi kutunga madzi otsalira m'minofu. Magazi akamazungulira amasiya madzi ena pakati pa minofu, ndipo madziwo amakhala ndi mapuloteni, zinyalala za m'thupi, nthawi zina ndi tizilombo toyambitsa matenda. Timitsempha timeneti timawatenga, kuwadutsitsa mwa anabere kuti asefedwe, kenako n'kuwabwezera m'magazi cha m'munsi mwa khosi. Anabere ndi omwe aja amatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda. Khwapa limodzi limakhala ndi anabere pakati pa 20 ndi 40, ndipo ndiwo njira ya madzi ochokera m'dzanja, mumkono, m'bere ndi mbali ina ya chifuwa ndi msana. Tsoka lake n'lakuti khansa ya m'bere ikayamba kufalikira imadzera njira yomweyi. N'chifukwa chake dokotala wa opaleshoni amachotsa anaberewo, ndipo makina owotcha khansa akalunjikitsidwa kukhwapa amasiya zipsera m'timitsempha totsalato. Zimakhala ngati dimba la m'dambo lomwe ngalande yake yaikulu yakwiririka: kwa kanthawi madzi amapeza tinjira tina n'kumachoka ndithu, koma tsiku lomwe achuluka kuposa mphamvu ya tinjirato, amaima. Madzi oimawa sangokhala chete. Chifukwa cha mapuloteni ake amachititsa kuti minofu iziuma ndi kuti mafuta aziunjikana pansi pa khungu, mpaka mkono womwe unali wofewa umasanduka wolimba ndi wolemera. Ndiye mapiritsi okodzetsa, omwe amathandiza munthu wotupa miyendo chifukwa cha mtima, pano alibe phindu, pakuti amachotsa madzi m'magazi koma mapuloteni aja amatsala pomwepo.

Vutoli n'lakale ngati opaleshoni yomweyo. William Halsted, dokotala wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ndiye adatchukitsa njira yochotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa ndi anabere a m'khwapa, ndipo adalengeza zotsatira zake mu 1894. Mu 1921 iye yemweyo adalemba za mikono yotupa ya amayi ochitidwa opaleshoniyi. Padatenga zaka zambiri kuti madokotala asiye kukhulupirira kuti wodula kwambiri ndiye wochiza kwambiri. Kafukufuku wa Umberto Veronesi ku Milan mu 1981 ndi wa Bernard Fisher ku America mu 1985 adasonyeza kuti khansa ikapezeka msanga, kuchotsa chotupa chokha n'kuwotcha malowo kumapulumutsa moyo mofanana ndi kuchotsa bere lonse. M'zaka za m'ma 1990 kudabwera njira yoyeza kaye mwanabere woyambirira pa njira ya khansayo, ndipo akapezeka kuti alibe khansa enawo amasiyidwa. Kafukufuku wa 2013 uja adaonetsa kusiyana kwake: mwa amayi ochotsedwa anabere ochepa motere, otupa mkono anali pafupifupi 6 pa 100 alionse, pamene mwa ochotsedwa anabere ambiri anali 20. Koma njira yochepetsa kudulayi imathandiza mayi yemwe khansa yake sinakhazikike m'khwapa. Kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kafukufuku wina wa mu 2016 adapeza kuti amayi achikuda 77 pa 100 alionse amafika kuchipatala khansa ili kale pa siteji 3 kapena 4. Mayi wotere amayenera kuchotsedwa anabere ambiri, ndipo kawirikawiri amafunikanso kuwotchedwa kukhwapa. Choncho mayi wa ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete ali pachiopsezo chachikulu chotupa mkono kuposa mnzake wa ku London, chonsecho ndi wa ku London amene amatuluka m'chipatala atapatsidwa malangizo ndi zipangizo.

Matendawa amayamba mwakachetechete, ndipo woyamba kuwazindikira ndi mwini mkono, diso la wina lisanaone kanthu. Mkono umamveka kulemera madzulo, khungu limamveka kukoka, mphete yomwe inkalowa bwino imayamba kuthina, dzanja limodzi la bulauzi limagwira, mitsempha ya pamwamba pa dzanja yomwe inkaoneka imabisika. Ena amamva kuphwanya kapena dzanzi, ndipo kwa ena kutupa kumayambira pachifuwa kapena pansi pa khwapa. Ambiri zimawayamba m'zaka ziwiri zoyambirira, koma zimatha kubwera ngakhale patapita zaka khumi. Akatswiri amagawa matendawa m'magawo anayi. Poyamba timitsempha tawonongeka koma kutupa sikuoneka. Kenako kutupa kumaonekera, ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, koma mkono ukagonekedwa pamwamba usiku umaphwa pofika m'mawa. Pa gawo lachitatu kukweza mkono sikuthandizanso chifukwa minofu yayamba kuuma. Pomaliza khungu limakhakhala, limachita makwinya akuluakulu ndi tinjerewere, nthawi zina n'kumachucha madzi. M'magawo awiri oyambawo vutoli limatha kubwezedwa ndi zinthu zazing'ono. Likadutsa pamenepo limangochepetsedwa kwa moyo wonse. Pali chenjezo limodzi lomwe siliyenera kusowa pa malangizo alionse, lakuti si kutupa konse kwa mkono komwe kuli lymphedema wamba. Mkono wotupa mwadzidzidzi, wopweteka kwambiri, wosintha mtundu kapena wofooka ukhoza kusonyeza magazi oundana mumtsempha kapena khansa yomwe yabwerera kukhwapa. Kutupa kwatsopano kulikonse kuyenera kuonedwa kuchipatala munthu asanayambe kudzithandiza yekha.

Ngati nthawi yabwino yothandiza ndi pamene diso silinaone kanthu, ndiye kuti tiyenera kuyeza, ndipo kuyeza kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha tikudziwa mmene mkono unalili poyamba. Mikono ya munthu siifanana. Womwe amagwiritsa ntchito kwambiri umakhala wokulirapo, ndipo popanda muyeso wa poyamba kusiyana kwatsopano kumabisala m'kusiyana kwachibadwa. Ku Bethesda ku America, pa chipatala cha asilikali apamadzi, akatswiri a mafizo adayeza amayi 196 asanachitidwe opaleshoni, n'kumawayezanso miyezi itatu iliyonse. Amayi 43 adapezeka kuti mkono wayamba kukula pang'ono, adapatsidwa chovala chothina cha pamkono kwa milungu pafupifupi inayi, ndipo kutupako kudabwerera; zotsatirazi zidatuluka mu 2008. Ku Spain, kafukufuku wa amayi 120 wa mu 2010 adayerekeza omwe adangolandira malangizo ndi omwe adalandira malangizo pamodzi ndi mafizo atangochitidwa opaleshoni. Patatha chaka, otupa mkono anali 25 pa 100 m'gulu loyamba ndi 7 pa 100 m'gulu lachiwiri. Zipatala zolemera zili ndi makina oyezera madzi a m'thupi, koma njira yomwe yagwira ntchito kwa zaka zambiri ndi tepi, yomwe ija telala amakoleka m'khosi: kuyeza mikono yonse iwiri pamalo omwewo nthawi zonse, padzanja, pamfundo ya dzanja, pansi pa chigongono ndi pamwamba pake. Kusiyana kwa masentimita awiri komwe kunalibe poyamba ndi chizindikiro chovomerezeka. Ku Malawi wodwala aliyense amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala. Manambala asanu ndi atatu olembedwa m'kabukuko opaleshoni isanachitike angathandize namwino wa pa chipatala chilichonse chaching'ono kuzindikira vutoli likadali lobwezeka.

Wina anganene kuti ndikudandaula za mkono pamene amayi akufa. Mawu amenewa ndi olemera ndipo ndikuwalemekeza. Kafukufuku yemwe adatsatira amayi oposa 2,000 ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, wosindikizidwa mu 2020, adapeza kuti patatha zaka zitatu theka lokha ndi lomwe linali moyo, pamene m'maiko olemera amayi oposa 90 pa 100 amadutsa zaka zisanu. Bungwe la WHO litakhazikitsa ntchito yake yolimbana ndi khansa ya m'mawere mu 2021 lidaika mtima pa kupeza matenda msanga, kuyeza mwachangu ndi kumaliza chithandizo, ndipo lidalondola. Koma zomwe ndikupempha sizikulimbirana ndalama ndi mankhwala a khansa kapena makina owotchera. Tepi, mphindi khumi za namwino ndi pepala la malangizo m'Chichewa sizingatseketse chipinda cha opaleshoni. Kunyalanyaza nako kuli ndi mtengo wake womwe timalipira mosazindikira. Mayi wotupa mkono amagonekedwa mobwerezabwereza chifukwa cha matenda a pakhungu, amasiya kulima kapena geni yake, ndipo banja lomwe lidagulitsa kale mbuzi ndi chimanga kuti lipeze thiransipoti ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre limasaukiratu. Chachikulu koposa n'chakuti mudzi wonse umaphunzira za khansa poyang'ana mayi wopulumuka. Amayi anzake akamuona akutunga madzi ndi kupita kumunda, amalimba mtima kukaonetsa chotupa chawo kuchipatala chikadali chaching'ono. Akamuona ndi mkono wolendewera womwe sangathe kuukweza, amatsimikiza zomwe ankaopa kale, zoti kuchipatala amadula munthu n'kumusiya wolumala. Choncho kusamalira mkono wa wopulumuka kumathandiza cholinga chomwecho chomwe otsutsawo akuchiteteza, chopeza khansa msanga.

Kutsutsa kwina kumachokera kwa azachipatala enieni, ndipo gwero lake ndi chifundo. Amati mayi yemwe akuzengereza kale kuvomera kuchotsedwa bere, ukamuuzanso kuti mkono ukhoza kudzatupa, athawa osabweranso. Mantha amenewa si ongopeka, pakuti amayi ena amasowadi tsiku la opaleshoni likayandikira. Komabe kubisa kumangosunthira vutolo kutsogolo, ku tsiku lomwe mayiyo adzakhale ali yekha kumudzi, mkono ukulemera, womufotokozera palibe. Pamenepo adzadzipezera yekha tanthauzo, ndipo matanthauzo omwe ali pafupi ndi awiri: kuti khansa yabwerera ndipo palibenso chochita, kapena kuti pali munthu wamulodza. Onse awiri amamutalikitsa ndi chipatala. Zoona zili ndi kauzidwe kake. Chiwerengero chija cha mmodzi mwa amayi asanu chikutanthauzanso kuti amayi ambiri sadzatupa konse, ndipo mwa otupawo ambiri kutupa kwawo kumakhala kochepa kukagwiridwa msanga. Mayi akhoza kuuzidwa kuti opaleshoniyi ndi yopulumutsa moyo wake, kuti mkono udzafunika kuuyang'anira, kuti zizindikiro zake ndi izi ndi izi, ndipo kuti akaziona abwere chifukwa thandizo lilipo. Mawu oterewa amamupatsa ulamuliro pa thupi lake. Ndipo popeza kwathu kuno wodwala sabwera yekha, amene akumudikirira m'chipatala, kaya ndi mchemwali wake, mwana wake kapena mwamuna wake, ayenera kumva nawo, chifukwa ndiye adzakumbutse wodwalayo mawu omwe sadawamve bwino chifukwa cha mantha.

Malangizo ena amaperekedwa ndithu, koma ndi akale, ndipo ndikuona kuti amavulaza. Kwa zaka zambiri amayi ankauzidwa kuti mkono wa mbali ya opaleshoni usanyamulenso kanthu kolemera mpaka kalekale. Mu 1996 dokotala wa ku Vancouver ku Canada, Don McKenzie, adakayikira lamuloli, n'kusonkhanitsa amayi 24 opulumuka ku khansa ya m'mawere kuti aphunzire kupalasa bwato la mpikisano, ntchito yofuna mphamvu zambiri za mikono. Palibe yemwe adayamba kutupa chifukwa cha kupalasako. Umboni wolimba udabwera mu 2009, pamene Kathryn Schmitz ndi anzake ku Philadelphia adagawa pawiri amayi 141 omwe anali kale ndi lymphedema. Gulu limodzi linkanyamula zitsulo kawiri pa mlungu kwa chaka chathunthu, kuyambira zopepuka n'kumawonjezera pang'onopang'ono, atavala chothina pamkono. Mikono yawo sinakule kuposa ya anzawo, mphamvu zidawonjezeka, ndipo omwe kutupa kwawo kudakula mwadzidzidzi anali 14 pa 100 poyerekeza ndi 29 pa 100 mwa osanyamula. Chifukwa chake n'chomveka. Madzi a m'timitsempha tija alibe mtima wowapopa monga magazi, kwakukulu amayenda minofu ikamafinya ndi kumasuka. Mkono wongokhala umafooka, ndipo mkono wofooka ndi womwe umavulala msanga tsiku lomwe wakakamizika kugwira ntchito. Kwa mayi wa kumudzi nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kumuletsa khasu, munsi ndi ndowa ndi kumupatsa lamulo lomwe sangalisunge. Adzaliphwanya mobisa, ndipo mkono ukatupa adzadziimba mlandu n'kuchita manyazi kubwerera kuchipatala. N'zoona kuti kunyamula zitsulo pamaso pa mphunzitsi n'kosiyana ndi kulima tsiku lonse padzuwa la mu Okutobala. Phunziro la kafukufukuyu ndi kuwonjezera pang'onopang'ono. Bala likapola ayambe ndi kutambasula phewa, kenako ntchito zopepuka, ndowa yosadzaza isanafike yodzaza, mizere yochepa isanafike ndime yonse, akupumira, ndipo akaona kuti mkono walemera abwerere m'mbuyo pang'ono. Banja lili ndi gawo lake pamenepa, lomulandira ntchito zolemera m'miyezi yoyamba, kenako n'kumulola kuzibwerera mwa muyeso m'malo momukhazika pamphasa.

Chomwe chiyenera kuopedwa kwenikweni ndi chilonda. Mkono womwe anabere ake adachotsedwa sulimbana bwino ndi tizilombo, ndipo m'madzi oima aja tizilombo timaswana msanga. Kabala kakang'ono, kobayidwa ndi minga potola nkhuni, kopsa ndi mphika, kodzikanda polumidwa ndi udzudzu, kakhoza kulowetsa matenda a pakhungu omwe amafalikira m'maola ochepa. Mkono umafiira kapena kuderapo, umatentha, umapweteka, ndipo munthu amanjenjemera ndi kutentha thupi mpaka kuganiza kuti ndi malungo. Ameneyu ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo kuti alandire mankhwala opha tizilombo, chifukwa matendawa akhoza kulowa m'magazi, ndipo nthawi iliyonse yomwe abwera amawononga timitsempha tina, kutupa n'kumakulirakulira. Kafukufuku wa amayi 632 wa pa Massachusetts General Hospital ku Boston, wa mu 2016, adapeza kuti kutengedwa magazi, kubayidwa jakisoni, kuyezedwa BP kapena kukwera ndege sikunakulitse mikono monga anthu ankaopera. Zomwe zidaonekera ndi matenda a pakhungu, kunenepa, kuchotsedwa anabere ambiri ndi kuwotchedwa kukhwapa. Kubaya jakisoni pamkono winawo ngati n'kotheka n'kwanzeru ndithu, koma mphamvu zathu zikhale pa khungu ndi pa kulemera kwa thupi. Ndiyenera kunenanso mosabisa za zinthu ziwiri zomwe timachita mwachikondi munthu akatupa, kutema mphini ndi kuthowa ndi madzi otentha. Pamkono wotere mphini iliyonse imatsegulira tizilombo njira, ndipo kutentha kumakokera madzi ambiri pamalo pomwe akulephera kale kuchoka. Komanso khungu la dzanzi limapsa mwini wake osamva. Sindikunena izi ponyoza asing'anga kapena agogo omwe amathowa. Ndi anthu omwe wodwala amawafikira msanga, ndipo atadziwa chifukwa chake akhoza kukhala oyamba kumutumiza kuchipatala.

Ndanena kuti zambiri tili nazo kale, ndipo umboni wake uli m'mbiri yathu ya posachedwapa. Mu 2020 bungwe la WHO lidavomereza kuti dziko la Malawi lathetsa matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu, lymphatic filariasis, ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, n'kukhala dziko lachiwiri kum'mwera kwa Sahara pambuyo pa Togo. Matendawa ankavuta kwambiri ku Chikwawa, Nsanje ndi Karonga. Kumeneko chowononga timitsempha ndi tinyongolotsi, pamene pa khansa ndi mpeni ndi makina owotchera, koma chotsatira chake m'thupi n'chimodzimodzi. Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chomwe WHO imalimbikitsa kwa otupa miyendo chimayeneranso mkono: kutsuka ndi sopo ndi madzi oyera tsiku lililonse, kupukuta bwino makamaka pakati pa zala ndi m'makwinya, kusamalira kabala kalikonse msanga, kukweza chiwalocho popuma, ndi kuchiyendetsa. Dziko silivomerezedwa kuti lathetsa matendawa popanda kusonyeza kuti odwala omwe adatupa kale ali ndi kopezera chisamaliro, choncho ntchitoyi si yachilendo kwa azaumoyo athu. Nzeru yomwe idafika kwa mlimi wa ku Nsanje wotupa mwendo ilibe chifukwa cholepherera kufika kwa mayi wa ku Mchinji wotupa mkono. Chofunika ndi kulumikiza nthambi ziwiri za unduna umodzi, kuti ochiza khansa m'zipatala zazikulu azidziwitsa chipatala cha kwawo kwa mayiyo, ndipo mlangizi wa zaumoyo azidziwa kuti m'dera lake muli mkono wofunika kuuyang'ana.

Kungakhale kunama kunena kuti sopo ndi tepi zimakwanira pa chilichonse. Mkono womwe watupa kale umafuna chithandizo chomwe chidakhwimira ku Ulaya. Emil Vodder wa ku Denmark adayambitsa kusisita kwapadera m'zaka za m'ma 1930, ndipo pambuyo pake Michael ndi Ethel Földi ku Germany adakuphatikiza ndi kumanga mabandeji, mafizo ndi kusamalira khungu. Kusisitaku n'kopepuka, kongosuntha khungu, kuyambira pakhosi ndi pachifuwa kuti madzi apeze kopita, kenako mkono. Kufinya mwamphamvu kumavulaza. Pa zinayi zimenezi chomwe chimaphwetsa mkono kwambiri ndi kumanga. Kwa milungu ingapo mkono umakulungidwa ndi thonje ndi mabandeji osatamuka kwambiri, othina kudzanja n'kumamasuka pokwera kuphewa, ndipo ukaphwa mayi amavala chothina cha muyeso wake masana onse. Kumanga molakwika, kothina pamwamba kapena kosiya dzanja, kumatsekera madzi m'zala n'kuwonjezera vuto, ndiye ntchitoyi imafuna munthu wophunzitsidwa. Apa otsutsa ali ndi mfundo, chifukwa zovalazi n'zodula, zimatha mphamvu pakapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, zimatentha, ndipo akatswiri a mafizo ndi ochepa. Yankho langa n'lakuti kudula kwa chithandizo cha mochedwa ndi chifukwa chenicheni cholimbikira cha msanga, kuti ofika pofuna mabandeji akhale ochepa. Kwa ochepawo, boma lomwe limagula mankhwala a khansa likhoza kugulanso mabandeji ochapika. Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa akatswiri a mafizo, ndipo magulu osamalira odwala matenda okhalitsa, monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi Ndi Moyo ku Salima, ali kale pafupi ndi odwala khansa ndi mabanja awo. Awa ndi malo abwino ophunzitsirapo wachibale kumanga ndi kusisita. Opaleshoni zolumikiza timitsempha kapena zopopa mafuta zilipo m'maiko ena, koma ngakhale kumeneko ndi za ochepa, ndipo ambiri amapitirizabe kuvala chothina.

Chomwe chimabisa vutoli koposa ndi mtima woyamika. Mayi yemwe wapulumuka imfa amaona ngati kudandaula za mkono n'kusayamika Mulungu ndi madokotala. Amasoketsa bulauzi ya manja aatali, amafunda nsalu ngakhale kukutentha, amakhala kumbuyo pa msonkhano wa amayi a kumpingo, ndipo dokotala akamufunsa kuti muli bwanji amayankha kuti ndili bwino. Bere lochotsedwa limabisika pansi pa chovala, koma mkono uli poyera. Umapereka moni, umalandira chenje pamsika, umaomola nsima, ndipo aliyense wouona amafunsa kuti chachitika n'chiyani. Munthu wotere sadzayamba yekha kunena. Udindo uli kwa amene wavala yunifomu kuti afunse molunjika: Mayi, mkonowu ukumveka bwanji madzulo? Mphete ikulowabe? Bwerani nawo tiuyeze. Mafunso oterewa amamuuza kuti vutoli n'lodziwika, kuti amayi ambiri ali nalo, kuti iye sadalakwe kanthu, ndipo kuti chipatala chomwe chidamuchita opaleshoni chikumudziwabe.

Chithandizo cha khansa m'dera lathu chikukula. Ku Lusaka kuli Cancer Diseases Hospital, ku Lilongwe kwamangidwa National Cancer Centre pa Kamuzu Central Hospital, ndipo amayi omwe kale ankadikira kutumizidwa kunja kuti akawotchedwe khansa ali ndi chiyembekezo chothandizidwa kwawo. Izi n'zosangalatsa, koma zili ndi chotsatira chomwe tiyenera kuchikonzekera: opulumuka akachuluka, ndipo makina owotchera akafikira amayi ambiri, otupa mikono adzachulukanso. Nthawi yoika chisamaliro cha mkono m'ndondomeko ya chithandizo ndi ino, zizolowezi za zipatalazi zisanaume. Mayi aliyense ayezedwe mikono ndi kulangizidwa opaleshoni isanachitike, aphunzitsidwe mafizo ndi kusamalira khungu asanatuluke m'chipatala, ndipo ayezedwenso nthawi iliyonse yomwe wabwera kudzaonekera, makamaka m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba. Chipatala chomwe chimawerenga amayi omwe chawachita opaleshoni chiyambe kuwerenganso omwe atupa mikono, chifukwa vuto losawerengedwa silipatsidwa ndalama. Tidalonjeza amayiwa kuti akabwera msanga tidzawabwezera moyo wawo, ndipo moyo womwe iwo akuuyembekezera ndi wolima, wophika, wogulitsa pamsika ndi wonyamula adzukulu. Lonjezo limeneli tidzalisunga pokhapokha tikasamala mkono monga timasamalira bala.